Phokoso la Atchaina m'Nyumba mwa Sandifolo

Maglas, Zvishavane
9 Febuluwale 2008

Okondedwa amake Felesita,

Landirani moni wochokera kuno ku Maglas. Ine ndili bwino, kachifuwa kaja kokha ndi komwe kamandidzutsa m'mawa. Kaya inu ku Dedzako, ndi Felesita ndi ana ake? Akulemba kalatayi ndi a Boston monga kale, poti dzanja lawo la umabalane, ukalaliki wa pamgodi uja, silinathe. Ndawauza kuti alembe mawu anga okha, awo asunge m'thumba. Ibwera ndi Asha, mayi wogulitsa zitenje uja, chifukwa ya papositi ingakupezeni mutakolola.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale akunyengerereni bwanji. Kuno m'masitolo mwatsala mashelefu okhaokha. Buledi ukamupeza, mtengo wa m'mawa si wa masana.

Nkhani ndi ya mwana wanu Brilliant. Sitolo ya zitsulo yomwe ankagwirako ntchito yatsekedwa. Anzake ambiri apita kukorokoza, ndiko kuti kukumba golide m'migodi yakale yomwe eni ake anaisiya. Mukukumbuka zomwe tinapangana tsiku lomwe munkakwera basi, kuti mwana ameneyu asadzalowe pansi. Ine ndinatha zaka makumi atatu ndi zinayi m'mgodi kuti iye aziyenda pamwamba. Musaope, sanapite. Koma chomwe wachita m'malo mwake chandidwalitsa mutu.

Wasinthanitsa njinga yake ndi wailesi yakanema, kamakina ka madisiki ndi batire la lole. Zonsezi waziika pabalaza panu. Mipando yanu ija ili mkhonde, m'malo mwake muli mabenchi a matabwa. Anthu akulowa m'nyumba mwathu kudzaonera mafilimu a Atchaina omwe anyamata amati kung fu. Ndalama sakulandira poti n'zosathandiza; munthu amabwera ndi kapu ya chimanga, dzira kapena tomato.

Ndinasuzumira kamodzi. Ndinaona munthu akulumpha kuchoka pansi mpaka padenga la nyumba, chafutambuyo, manja ali kumbuyo. Ndinafunsa kuti kodi ameneyu ndi mfiti? Anyamata anaseka. Pakamwa pa munthuyo pankapitiriza kuyenda mawu atatha kalekale, ngati mbuzi yobzikula. Akamenya mphepo yeniyeniyi, pankamveka ngati chikoti. Ine ndewu ndinaiona ndi maso ku holo ya mowa mu 1969. Inatha ndi zibakera ziwiri, ndipo dzino langa linatsalira komweko. Palibe anauluka.

A Boston akuti ndisaweruze filimu pakhomo. Iwo tsiku lililonse ali pabenchi yakutsogolo, nkhalamba ya zidzukulu zisanu ndi ziwiri, kukamwa kuli yasa. Alembe zimenezo momwe ndanenera.

Mkazi wa Brilliant, Rutendo, ndi woyembekezera. Akupereka moni.

Ine mwamuna wanu,
Sandifolo Kamtema


Maglas
16 Malichi 2008

Okondedwa amake Felesita,

Moni nonse. Kalata yanu Asha wandipatsa pamodzi ndi nyemba zija, zikomo. Ndakondwa kumva kuti chimanga chakula bwino. Ine ndili bwino. Mwanena kuti ndimusiye mwana ndi mafilimu ake bola ali pakhomo. Inu muli kutali, simukuwamva.

Pofuna kuti a Boston aleke kundinena, ndinakhala pansi Lachiwiri n'kuonera imodzi mpaka pakati. Tsopano ndikulankhula monga munthu woti waona.

Choyamba, anthu makumi awiri amazungulira munthu mmodzi, koma amabwera mmodzimmodzi ngati ali pamzere wa shuga. Winayo akumenyedwa, anzake akungovinavina kumbuyo kudikira nthawi yawo. Chachiwiri, amakonda kumenyana m'nyumba yodyera. Matebulo, mbale, miphika, zonse phwanyu. Mwini wake amangobisala, ndipo palibe amabwerera kudzapepesa ngakhale kudzasesa. Chakudya chimatayika pansi chochuluka, ife tikuonera ndi njala. Koma chomwe chandinyansa kwambiri ndi ichi: anthu amafa ngati ntchentche, koma maliro palibe. Munthu wagwa, kanema wapita kwina. Ndani akauze mayi ake? Ndani akumbe manda? Ine ndine wapampando wa sosaite yathu ya maliro ya anthu a kwathu zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, sindinasiyepo munthu pamsewu.

A Boston akuti ndikuyang'ana zolakwika. Akuti ndione mmene mnyamata amalemekezera mphunzitsi wake wa ndevu zoyera, kumutungira madzi zaka zitatu osadandaula. Ndinati ngati n'choncho, bwanji anyamata oonerawa akatuluka sapereka moni, koma amakankha mpanda wanga ndi mwendo? Akutinso kumenyanako ndi gule chabe, ngati Beni yomwe tinkavina ku komponi, munthu amasirira mapazi. Ndinati Beni inali ndi ng'oma ndi yunifolomu, ndipo tikamaliza aliyense ankapita kwawo ndi mano ake.

Kenaka ananena chinthu china motsitsa mawu. Anati: "A Kamtema, mufilimu muja wamng'ono amagwetsa wamkulu dzuwa lisanalowe. Kunja kuno mwaonapo zimenezo?" Sindinayankhe, chifukwa pawindo pankadutsa anthu. Masiku ano tili pafupi ndi mavoti, ndipo ife a zitupa zolembedwa kuti ndife alendo timayenda moyang'ana pansi. Zina tidzakamba pamaso.

Chimanga cha pakhomo chikutidyetsa, zimenezo sindikana. Rutendo wanenepako. Koma pabalaza pakununkha mapazi, ndipo a sosaite akabwera ku msonkhano Lamlungu ndimayamba ndaphimba wailesiyo ndi nsalu ya patebulo.

Muuzeni mkamwini akonze nkhokwe kusanache, asadikire kukolola.

Ine mwamuna wanu,
Sandifolo Kamtema


Maglas
4 Meyi 2008

Amake Felesita,

Moni. Tili moyo. Ndikudziwitseni kuti a Gadi, a nyumba yachitatu kuchokera kwathu, anatisiya pa 24 Epulo. Mukawauze abale awo kwa Linthipe. Tinawaika mwaulemu ngakhale zinthu zavuta. Bokosi tinakhoma ndi matabwa a wadirobu yawo.

Koma pa maliro amenewa ndinachita manyazi omwe sindinachitepo chibadwire. Inu mukudziwa mwambo wathu. Pamzere wa nyumba pakagwa maliro, wailesi imazima, wogulitsa tomato amachotsa tebulo lake, mpaka titabwerako kumanda. Ngakhale Mashona a pamzere wathu amatsata zimenezi, ndipo amati anaphunzira kwa ife. Brilliant ndinamuuza ndekha kuti masiku atatu kulibe filimu. Anavomera.

Tsiku lomwe thupi linafika kunyumba, chakumasana, amayi anamaliza nyimbo ndipo ine ndinaimirira kuti ndilankhule m'malo mwa sosaite. Anthu onse anali chete. Nditangoti "Abale anga," kunamveka kukuwa kwa Mtchaina kuchokera m'nyumba mwanga, kenaka zikoti zija, kenaka anyamata kuseka ndi kuwomba m'manja. Amake Felesita, anthu onse anatembenuka. Mkazi wa malemu anadzutsa mutu. A Elifas, wachiwiri wanga, amene akhala akufuna mpando wanga kuyambira kale, anangoyang'ana kumwamba n'kumagwedeza phazi.

Ndinamaliza mawu anga. Kenaka ndinapita kunyumba. Mawindo anali atatchingidwa ndi mabulangete anu. Munali makorokoza, okumba golide aja, asanu ndi atatu ochokera kutchire, matope ali m'miyendo. Brilliant anayamba kufotokoza m'Chishona chake chija, kuti anthuwa anali ndi tsiku limodzi lokha m'tauni, kuti anabwera ndi ndowa yathunthu ya chimanga ndi botolo la mafuta ophikira, kuti iye anatsitsa mawu koma wina anakweza. Anatinso Rutendo sangadye mwambo.

Sindinamumenye, sindinakuwe. Ndinabwereka wilibala, ndinakweza wailesi, kamakina ndi batire, n'kukankha ndekha mpaka kutchalitchi. Ndazitsekera m'kachipinda ka sosaite momwe timasungira mafosholo ndi miphika ikuluikulu. Kiyi ali m'thumba la jekete langa, ndipo atuluka ine nditafa.

A Boston akuti mwana analakwa, koma chilango cha sabata imodzi chikanakwana. Akuti filimu sinalakwe, analakwa ndi chala chomwe chinakweza mawu. Ndawauza kuti chinthu chophunzitsa anthu kuseka munthu akamafa chinayenera kufika pamenepa. Tsopano m'nyumba muli bata, mipando yanu yabwerera m'malo mwake. Brilliant sakundilankhula, koma zimenezo zitha.

Ngati Asha angathe kunyamula, tumizani kaufa pang'ono.

Ine,
Sandifolo Kamtema


Maglas
22 Juni 2008

Okondedwa amake Felesita,

Moni kwa inu ndi onse. Pepani kuti ndakhala chete. Asha sanabwere mwezi watha, misewu sinali bwino. Kuno kukuzizira kwambiri ndipo chifuwa chakula pang'ono, koma ndikuyenda. Masiku ano timaitanidwa ku misonkhano ina yomwe munthu sakana. Timapita, timakhala pansi, timabwerako. Za zimenezo basi.

Mwafunsa za Brilliant, kuti bwanji sanaike moni wake m'kalata yapita.

Ndinafuna kuti a Boston alembe kuti mwana wapita ku Gweru, ku Ascot kwa apongozi ake, kukafuna ntchito. A Boston aika cholembera pansi. Akuti akhala akundilembera makalata zaka makumi awiri, zamwano zanga zonse alemba, ngakhale zowanena iwo omwe, koma bodza lopita kwa mayi wa mwana salemba. Takhala pano kuyambira m'mawa mpaka tiyi wathu wopanda shuga wazizira. Ine kulemba sinditha. Ndiye imvani.

Brilliant anachoka pa 19 Meyi ndi makorokoza aja. Ali cha ku Mvuma, m'mgodi wakale kutchire. Anatenga nsapato zanga za jombo ndi chipewa changa cholimba chija chomwe chinkakhala pamwamba pa kabati. Sanatsanzike kwa ine, anangouza mkazi wake. Wabwerako kamodzi ine ndili kutchalitchi, anasiya ufa ndi sopo n'kubwerera tsiku lomwelo.

Musayambe kulira. Mwana ameneyu ndi waulesi, sangapirire pansi. Kuzizira kukamuluma abwera yekha, apepese, ndipo tidzaona chochita. Ine sindingapite kukatsegula kachipinda kaja lero. Anthu onse a pamzere anandiona ndikukankha wilibala. Ndikakankhanso kubwerera, ndiye kuti a Gadi ndawaseka kachiwiri.

A Boston tsopano alibe koonera, ndiye amabwera kudzandifotokozera mafilimu pakamwa, manja akuuluka, mpaka anagwetsa kapu yanu ya maluwa. Dzulo amati m'mafilimu onse mphunzitsi akathamangitsa wophunzira wake, amamutsatira mobisa kuti aone ngati ali bwino. Ndinawauza kuti mphunzitsi ameneyo alibe nyamakazi, ndipo basi ya ku Mvuma sakwera, amangouluka.

Rutendo akundiphikira ndi kundichapira monga kale, koma amaika mbale patebulo osandiyang'ana. Nthawi yake ndi Seputembala.

Ine mwamuna wanu,
Sandifolo Kamtema


Maglas
10 Ogasiti 2008

Amake Felesita,

Moni. Kalata yanu yafika. A Boston andiwerengera yonse, ndipo ndikuganiza kuti malo ena anawerenga kawiri mwadala. Sindinadziwe kuti Felesita angalembe mawu otere kwa bambo ake, ngakhale mwamuuza ndinu. Mwati ndinasankha ulemu wa anthu akufa kusiya mwana wamoyo. Mwati mugulitsa mbuzi mubwere nokha. Musabwere. Kuno kulibe choti mudye, ndipo madzi a m'mipopi ayamba kudwalitsa anthu.

Za mafilimu maganizo anga sanasinthe. Ndi zinthu zachabe. Ndiponso ndi omwewo anaika mumtima mwa anyamatawa kuti munthu angagwe kuchokera pamwamba n'kudzuka akudzisasa fumbi.

Koma Lachinayi kunabwera mnzake wa Brilliant kudzasiya kaphukusi kwa Rutendo. Ndinamukhazika pansi n'kumufunsa mmene akukumbira. Anayankha monyadira kuti apeza golide wabwino m'zipilala. Ndinamufunsa kawiri. Amake Felesita, inu munakhala ndi ine zaka zonse zomwe ntchito yanga inali yoyang'anira denga la mgodi. Zipilala ndi miyala yomwe okumba akale ankaisiya dala kuti igwire phiri lisagwe. Golide amaonekamo, inde, ndipo ife tinkamuona tsiku lililonse n'kumudutsa. Ana awa akudya miyendo ya tebulo iwo ali pansi pake.

Chakudya sichinalowe tsiku limenelo. Ndinyamuka Lachiwiri. A Boston akuti apita nane, ati kuti pakhale wina wodzafotokoza bwino. Ndatsuka mgwala wanga, chitsulo chachitali chija chomwe munkapachikapo zovala kuseri.

Kiyi sindikupereka. Ndikupita kukamutenga mwana basi.

Ine,
Sandifolo Kamtema


Maglas
24 Ogasiti 2008

Okondedwa amake Felesita,

Moni. Ndiyambe ndi chomwe mukufuna kumva: mwana wanu ali m'nyumba muno, miyendo iwiri, manja awiri. Wawonda ndipo ali ndi nsabwe. Ine ndagona masiku anayi koma lero ndakhala tsonga.

Tinayenda masiku awiri, pa lole ya malasha mpaka ku Gweru, kenaka pa ina mpaka ku Mvuma, kotsalako wapansi. Tinafika dzuwa lili pamutu. Malowo ndi dzenje pakati pa tchire, pamwamba pali mtengo wopukusa chingwe ndi chigubu chodulidwa chomwe amatsitsira anthu ndi kukwezera miyala. Ena mwa anyamatawo anandizindikira, ankauzana kuti wabwera mudhara, nkhalamba yolanda mafilimu ija. Ndinati andiitanire Brilliant. Anatumiza mawu pansi, yankho linabwera loti ali pantchito, ndibwerere.

Ndiye ndinalowa m'chigubu ndi mgwala wanga. Anaseka, akuti sekuru, ndiko kuti agogo, mukafera m'njira. Ndinawauza kuti ndinayamba kutsika pansi amayi awo asanamere mano. A Boston anatsala pamwamba atagwira jekete langa.

Ndinali nditalumbira kuti sindidzapondanso pansi pa nthaka mpaka tsiku londiika. Fungo lake silinasinthe. Ndinakwawa pang'ono n'kufika pamalo otakasuka pomwe panali anthu asanu ndi makandulo. Zipilala zinayenera kukhala zinayi. Ziwiri zinali zitatha, chachitatu chinatsala ngati chiuno cha mavu, ndipo mwana wanu anali atagwada pamenepo ndi hamala ndi tchizulo, chipewa changa chili kumutu. Mtengo wochirikiza panalibe ndi umodzi womwe.

Ndinapita pakhomo pomwe mwala ndi wabwino, ndinagogoda denga ndi mgwala. Linalira ngati belu. Ndinawauza kuti amve bwino. Ndinayenda mapazi asanu, ndinagogodanso. Belu. Ndinafika pamwamba pa mutu wa Brilliant n'kugogoda pang'onopang'ono. Linayankha ngati ng'oma yonyowa, ndipo kamchenga kanatsika m'khosi mwanga. Anyamata anayi aja anayang'anana. Palibe anawaphunzitsapo, koma khutu ndi khutu. Mmodzi anatola kandulo yake, enawo anamutsata.

Brilliant sanasunthe. Ananena m'Chishona kuti ndamuchititsa manyazi ku Maglas, tsopano ndamutsatira kudzamuchititsa manyazi kunonso. Anati dengalo lakhala chomwecho miyezi itatu. Anati nditulukemo.

Ndinaika mgwala pansi, ndinakhala pa mwala pansi penipeni pa malo oipawo, ndinatambasula miyendo. Ndinati: "Ngati denga ili n'labwino kwa iwe, n'labwinonso kwa ine. Kumba, ndikuonerera."

Anakweza hamala. Anaigwira m'mwamba nthawi yaitali. Kenaka chifuwa chinandigwira, chija chenicheni chomwe sindimakuuzani m'makalata, mpaka kandulo ndinkaiona ziwiri. Chomwe ndikukumbuka n'chakuti ndinali pamsana pake, akukwawa nane, akunditukwana m'Chishona njira yonse. Mgwala wanga unatsala komweko.

Pamwamba atandipatsa madzi, Brilliant anakhala patali osandiyang'ana. Kenaka anafunsa m'Chichewa, chomwe salankhula kawirikawiri: "Ndikabwerera ku Maglas, mwana wanga akadya chiyani, baba?"

Ndinauza a Boston kuti andipatse jekete. Ndinatulutsa kiyi uja n'kumuponyera pamiyendo.

Njira yonse yobwerera a Boston ankauza aliyense pa lole kuti zomwe zinachitika pansipo n'zofanana ndendende ndi mufilimu, nkhalamba kugonjetsa anyamata asanu ndi ndodo imodzi. Iwo sanaone chilichonse, anali pamwamba ndi jekete. Ndawachenjeza kuti akapitiriza ndikafuna mlembi wina. Ine sindinamenye munthu, sindinauluke, ndinatuluka pamsana pa mwana ngati thumba la ufa.

Mbuzi musagulitse.

Ine mwamuna wanu,
Sandifolo Kamtema


Maglas
12 Okutobala 2008

Okondedwa amake Felesita,

Moni kwa inu, kwa Felesita ndi adzukulu. Muuzeni Felesita kuti kalata yake yachiwiri ndailandira ndipo nkhani yatha. Ine ndikupezako bwino, ndimafika kutchalitchi ndikapuma kawiri panjira.

Rutendo anachira pa 17 Seputembala, mwana wamkazi. Akwawo amutcha Vongai. Dzina la kwathu ndasiyira inu, mutumize ndi Asha.

Wilibala yobwezera wailesi kunyumba anakankha ndi Brilliant, koma ine ndinayenda pambali pake kuchokera kutchalitchi mpaka kunyumba, masana, anthu onse a pamzere akuona. Ndinati ngati n'kuseka aseke kamodzi. Ndinayamba ndapita kwa mkazi wa a Gadi kukamufotokozera. Anangoti mwana ndi mwana.

A sosaite sanaione choncho. Pa msonkhano a Elifas ananena mwaulemu wambiri, mawu ozungulira ngati njira ya kumanda, kuti nkhani za maliro sizingakambidwe m'nyumba yomwe anthu amalipira dzira kuti aone anzawo akuphedwa. Anati ndisankhe. Ndinaimirira, ndinapereka buku ndi belu la sosaite m'manja mwawo, ndinakakhala kumbuyo. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Tsopano misonkhano ikuchitikira kwa a Elifas, komwe tiyi sawiritsa. Ndikadzafa mudzaonetsetse kuti asalankhule nthawi yaitali.

Brilliant amandilankhula pang'ono, za batire ndi za mwana. Sanapepese za maliro aja, ndipo ine sindinapepese za wilibala. Sabata yatha anandiuza akudya kuti anzake akuti denga la ku Mvuma lija silinagwe mpaka lero. Ndinamuyankha kuti likhoza kukhala chaka, likhoza kugwa mawa, mwala sutumiza kalata. Anangoseka pang'ono. Kusekako sikunandisangalatse. Chimanga cha pakhomo chachepa poti anthu alibe, ndipo anzake akabwera kuchokera kutchire ndi nsapato zatsopano ndimaona mmene amaziyang'anira. Ndiye ndayamba kuuza anthu kutchalitchi ndi kumsika kuti kwathu kuli mafilimu. Ine, Sandifolo. Dzulo ndinabweretsa anthu atatu ndekha. Wina anandifunsa ngati filimuyo ndi yabwino. Ndinamuuza zoona, kuti ndi yachabechabe, koma benchi ilipo ndipo alowe.

A Boston abwerera pabenchi yawo yakutsogolo. Akuti popeza tsopano ndine woitanira anthu, ndavomera kuti iwo ankanena zoona. Sindinavomere kanthu. Atchaina aja akuulukabe, akuswabe mbale za eni ake. Pano pomwe tikulemba tili mkhonde pa mipando yanu, ndipo a Boston akulemba mothamanga chifukwa akuti gawo labwino layandikira.

Mwafunsa kuti ndikudziwa bwanji kuti sadzathawanso. Sindikudziwa. Chomwe ndimachita n'chakuti m'mawa ndikadzuka ndimakhala pabedi n'kumvetsera. Ndikamva mabenchi akukokedwa, kenaka zikoti zija ndi kukuwa mpaka khoma kunjenjemera, ndimadziwa kuti lero ali pamwamba. Mutu umandiwawa kuyambira m'mawa mpaka batire litatha. Mukapeza mankhwala a mutu kumeneko, mumupatse Asha ochuluka ndithu.

Ine mwamuna wanu,
Sandifolo Kamtema